Ngolo za amisiri pamaso pa sultani: mmene tingawerengere zithunzi za maphwando a ufumu wa Ottoman

Pali chithunzi china chakale chimene chimabwerabwera pa intaneti, ndipo nthawi zonse chikatulukira chimadzutsa mafunso omwewo. Pachithunzipo pali ngolo ya mawilo ang'onoang'ono imene pamwamba pake pamangidwa ng'anjo yoyaka moto, ndipo amuna ovala nduwira akhala mozungulira ng'anjoyo, ena atagwira timipope tachitsulo pakamwa, akuuzira mpweya m'galasi losungunuka kuti lifufume n'kusanduka botolo. Anzawo akuyenda pansi atanyamula ziwiya zagalasi zomalizidwa kale, ndipo chapamwamba, pakhonde la nyumba yaikulu, pakhala munthu mmodzi amene onsewa akumuchitira zimenezi. Ena akachiona amati ndi sitolo yoyendayenda ya makedzana, pamene ena amati wojambulayo anangopeka, chifukwa palibe munthu wanzeru zake amene angasonkhe moto wosungunula galasi pamwamba pa matabwa.

Maganizo onse awiriwa akuphonya. Chithunzicho chinachokera m'buku lolembedwa ndi kujambulidwa pamanja mumzinda wa Istanbul, ndipo chikuonetsa zimene zinachitika pa phwando la mdulidwe wa mwana wa mfumu m'chaka cha 1582, pamene mabungwe a amisiri a mumzindawo anadutsa limodzilimodzi pamaso pa mfumuyo, ambiri atakweza ntchito yawo pa ngolo. Kuti timvetse chimene ngolozi zinali, tiyenera kuyambira pa bukulo, pakuti pafupifupi zonse zimene maso athu amaona lero zokhudza ngolozi zinadutsa kaye m'manja mwa anthu olembedwa ntchito ndi nyumba yachifumu.

Buku lotchedwa surname

Ufumu wa Ottoman unkalamulidwa ndi banja limodzi la mafumu achisilamu, ndipo mfumu yake inkatchedwa sultani. Kuyambira mu 1453 likulu lake linali Istanbul, m'dziko limene lero ndi Turkey, ndipo m'zaka za m'ma 1500 ulamuliro wake unkayambira ku Hungary mpaka ku Yemen, komanso ku Algiers mpaka ku Baghdad. M'banja lotere, mdulidwe wa mwana wamwamuna kapena ukwati wa mwana wamkazi unkasanduka nkhani ya dziko lonse. Wowerenga amene anakulira kumene kumavinidwa jando amadziwa kale kuti mdulidwe sukhala wa mnyamata yekha, koma umasonkhanitsa mudzi wonse, umafuna chakudya chambiri, ndipo umaonetsa poyera mphamvu za mwini mwana. Ku Istanbul zinali chomwecho, kungoti mudziwo unali umodzi mwa mizinda ikuluikulu ya padziko lapansi.

Buku lofotokoza phwando lotere linkatchedwa surname. Amene amadziwa Chingerezi asasokonezeke ndi kalembedweka, chifukwa mawuwa sakukhudzana ndi dzina la makolo: anachokera ku mawu awiri a Chiperisiya, sur kutanthauza phwando ndi name kutanthauza buku kapena kalata, ndipo zilembo zake zonse zimatchulidwa. Mabuku a mtundu umenewu analembedwa angapo, ena m'ndakatulo ena m'nkhani wamba, koma maphwando awiri okha ndiwo anatisiyira mabuku akuluakulu odzaza ndi zithunzi.

Loyamba ndi Surname-i Hümayun, lofotokoza phwando la masiku 52 limene Sultani Murad III anakonza mu 1582 pa mdulidwe wa mwana wake Mehmed, amene anali ndi zaka pafupifupi 16 ndipo anadzalowa ufumu monga Mehmed III. Mawu ake analemba ndi mlembi wotchedwa İntizami, zithunzi anajambula ndi gulu la amisiri lotsogozedwa ndi Nakkaş Osman, ndipo ntchitoyo inatha cha m'ma 1588. Masamba ena anatayika, koma masamba 427 a zithunzi alipobe. Lachiwiri ndi Surname-i Vehbi, la phwando la masiku 15 limene Sultani Ahmed III anakonzera ana ake aamuna anayi mu 1720, lolembedwa ndi mlakatuli Seyyid Vehbi, ndipo lili ndi zithunzi 137 za katswiri wotchedwa Levni. Onse awiri amasungidwa m'laibulale ya nyumba yachifumu ya Topkapı. Pakati pa awiriwa panali phwando lina lalikulu mumzinda wa Edirne mu 1675, pamene Ahmed III mwiniwakeyo anadulidwa ali kamwana, koma mabuku ofotokoza phwando limenelo alibe zithunzi zotere.

Amisiriwa anali ndani?

Mawu amene amagwiritsidwa ntchito ponena za mabungwe a amisiri ndi amalonda a m'mizinda ya Ottoman ndi esnaf. Njira yosavuta yowamvetsera ndi kukumbukira msika waukulu wa m'tauni, kumene okhoma zidebe amakhala mzere wawo, atelala mzere wawo, ogulitsa nyama mbali yawo, ndipo mzere uliwonse uli ndi mkulu wake amene amaweruza tinkhani ndi kulankhulira anzake kwa akuluakulu a mzinda. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Istanbul dongosololi linali ndi mphamvu ya lamulo. Bungwe lililonse linali ndi mtsogoleri wotchedwa kethüda, amene anali mkhalapakati wa amisiri ndi boma, ndi womuthandiza wotchedwa yiğitbaşı, amene ankayang'anira mwambo ndi kagawidwe ka zipangizo monga zikopa kapena ulusi. Mwana ankalowa ntchito monga çırak, wophunzira, n'kukwera kukhala kalfa, wodziwa ntchito koma wogwirabe m'manja mwa wina, ndipo pomaliza ankavomerezedwa kukhala usta, mmisiri wokhoza kukhala ndi malo akeake.

Boma linkawafuna mabungwewa pa zifukwa zooneka ndi maso. Kudzera mwa iwo linkatolera msonkho, linkakhazikitsa narh, ndiyo mitengo yoikidwa ndi woweruza wa mzinda pa zinthu monga buledi ndi nyama, ndipo pa nthawi ya nkhondo linkawalamula kupereka amisiri otsagana ndi asilikali, oti azikawaphikira, kuwasokera nsapato ndi kukhomera zitsulo kumapazi a akavalo. Amisirinso ankalifuna boma, chifukwa ndilo linkawateteza kwa anthu ongotulukira n'kuyamba ntchito yomweyo popanda chilolezo. M'mabungwe ambiri munali Asilamu, Akhristu ndi Ayuda, ndipo ntchito zambiri zinali ndi pir, kholo lauzimu limene amisiri ankakhulupirira kuti ndilo linayambitsa ntchitoyo: alimi ankatchula Adamu, amalinyero Nowa, osula zida zachitsulo Davide, atelala mneneri Idris, ofufuta zikopa Ahi Evran. Mfundo yomalizayi ioneka kufunika kwake tikafika pa mkangano wa yemwe ayenera kutsogola.

Zimene zinali pa ngolo

Ngolo yeniyeniyo inali yosavuta kupanga: thandala la matabwa loikidwa pa mawilo afupiafupi, nthawi zina lokhala ndi mizati ndi kadenga ngati kanyumba. Zina zinkakokedwa ndi anthu, zina ndi ziweto, ndipo panalinso zoonetsa zina zimene zinkanyamulidwa pamapewa. Chimene chinkadabwitsa anthu si ngoloyo ayi, koma zimene zinkachitika pamwamba pake. Tikaona malole okongoletsedwa a makampani pa perete wa tsiku la apantchito, kawirikawiri amanyamula katundu womalizidwa ndi nsalu zolembapo mayina. Amisiri a ku Istanbul ankanyamula ntchito yeniyeniyo ili mkati mochitika. Ophika buledi anakweza uvuni, wina akukanda ufa, wina akulowetsa mikate ndi thabwa lalitali. Owomba nsalu anakweza makina awo a matabwa ndipo ankawomba ngolo ikuyenda. Owotcha nyama, amene kanyenya wawo amatchedwa kebap, ankadutsa ndi moto wawo ndi utsi wawo. Osula anali ndi chipala ndi nyundo, ndipo aja a galasi, amene tayamba nawo, anali ndi ng'anjo.

Ngolo ziwiri za mu 1582 n'zoyenera kuziyang'anitsitsa. Yoyamba ndi ya ogulitsa khofi. Pa thandalalo pali kanyumba komwera khofi kathunthu, wophika ali pa moto wake, timakapu tili pafupi, ndipo makasitomala akhala pansi akumwa ndi kucheza ngati kuti sakudziwa zoti akukokedwa pakati pa khamu. Malinga ndi wolemba mbiri wa ufumuwo, İbrahim Peçevi, nyumba zomwera khofi zinayamba ku Istanbul cha m'ma 1554, zotsegulidwa ndi amalonda awiri ochokera ku Aleppo ndi ku Damascus. Choncho mu 1582 ntchitoyi inali isanakwanitse zaka 30, ndipo atsogoleri ena achipembedzo ankaikayikira, poona kuti m'nyumbazi amuna ankataya nthawi ndi kukambirana za boma. Kwa anthu a ntchito yatsopano ndi yokayikiridwa chotere, kudutsa pamaso pa sultani pamodzi ndi ophika buledi ndi owomba nsalu kunali kupempha kuti nawonso awerengedwe pakati pa amisiri ovomerezeka. Chithunzi chimenechi chili m'gulu la zithunzi zakale kwambiri za nyumba yomwera khofi zimene zilipo.

Yachiwiri ndi ya osambitsa anthu. Mizinda ya Ottoman inali ndi nyumba zosambiramo anthu onse zotchedwa hamam, za madzi otentha ndi nthunzi, ndipo ogwira ntchito m'menemo anamanga kanyumba kotere pa mawilo, mkati mwake muli amuna ovala nsalu m'chiuno mokha, wina akutsuka mnzake. Apa pakuoneka bwino nzeru ya ngolozi. Wosoka nsapato akhoza kupereka nsapato kwa mfumu ngati mphatso, koma wosambitsa anthu alibe chinthu chogwirika choti anyamule m'manja, ndipo ngati akufuna kuti ntchito yake ioneke, ayenera kubweretsa nyumba yonse pamodzi ndi womusambitsayo. N'chimodzimodzinso wometa, amene m'zithunzi za 1720 akuoneka ali ndi munthu pampando, lumo lili pamutu.

Sikuti zonse zinali malo ogwirira ntchito. Gulu lina linanyamula chifanizo chachikulu cha mzikiti wa Süleymaniye, umene katswiri wa zomangamanga Sinan anamaliza mu 1557, ndipo mu 1582 mwiniwakeyo anali adakali moyo. Opanga zotsekemera anaumba nyama ndi mbalame za shuga. Panalinso nahıl, mitengo yochita kupanga, yokongoletsedwa ndi phula la njuchi, maluwa ndi zonyezimira, imene inkaimira moyo ndi kubala kwa mwana wodulidwayo, ndipo ina inkatalika ndi kutambalala kwambiri moti makonde a nyumba zina ankagwetsedwa kuti ipeze podutsa.

Gulu likafika kutsogolo kwa sultani linkaima, n'kumupempherera ndi kumutamanda, kenako linkapereka pişkeş, ndiyo mphatso ya wamng'ono kwa wamkulu, imene kawirikawiri inali chinthu chosiririka kwambiri cha ntchito yawo. Sultani naye ankabweza ndi ndalama, ndipo pa nthawi zina za phwandolo ankamwaza makobili asiliva ndi agolide kuchokera pakhonde kuti anthu atole. Khamu linkaletsedwa kulowa m'bwalo ndi amuna otchedwa tulumcu, amene ankanyamula matumba a chikopa cha mbuzi ofufumitsidwa ndi mpweya ndi opakidwa mafuta. Munthu akadutsa malire ankamenyedwa ndi thumbalo, ndipo ankabwerera msanga poopa kudetsedwa zovala pakati pa kuseka kwa anzake. Amuna amenewa amaoneka pa masamba ambiri a mabuku onse awiri, ali m'mphepete mwa ngolo.

Bwalo limene silisuntha

Munthu akayamba kutsegula buku la 1582 amadabwa kuona kuti zithunzi zake zikuoneka ngati chimodzi chobwerezedwa kambirimbiri. Chithunzi chilichonse chimatenga masamba awiri oyang'anizana. Chapamwamba kumanzere kuli nyumba ya İbrahim Paşa, yotchedwa ndi dzina la nduna yaikulu yakale ya ufumuwo, ndipo sultani wakhala pakhonde lake. Kumanja kuli nsanja zomangidwira nduna, akuluakulu a boma ndi akazembe a mayiko ena. Pabwalo paima zipilala zakale za malowa, amene Aroma ankachitirapo mipikisano ya magaleta a akavalo ndipo anthu a Ottoman ankawatcha At Meydanı, Bwalo la Akavalo: mwala wautali wosongoka wochokera ku Egypt, ndi chipilala chamkuwa cha njoka zitatu zopotana. Zonsezi zimakhala pamalo pake tsamba ndi tsamba. Chimene chimasintha ndi chapansi pokha, pamene gulu lina latuluka ndipo lina lalowa.

Ena amaona ngati ojambulawo anachita ulesi, kapena kuti anafuna kufulumiza ntchito ya zithunzi mazanamazana pogawana, wina nyumba wina anthu. Kugawana ntchito kunalipodi, chifukwa m'nyumba yojambulira ya mfumu chithunzi chimodzi chinkadutsa m'manja angapo, kuyambira wolemba mizere, wopaka utoto, mpaka woika golide. Koma kubwerezaku kulinso ndi zimene kukunena. Wotsegula masamba motsatizana amaona mzinda wonse ukuyenda, ophika, owomba, osula, asing'anga, oimba, pamene munthu mmodzi yekha sakusuntha. Ine ndimaona kuti palibe mawu a İntizami amene akanatamanda Murad III kuposa mmene kakonzedwe kameneka kanachitira mwakachetechete.

Tiyeneranso kudziwa kuti ojambulawa sankatsata lamulo loti chakutali chichepe ndipo chapafupi chikule, monga zimakhalira pa chithunzi cha kamera. Cholinga chawo chinali choti chinthu chilichonse chizindikirike. N'chifukwa chake khoma la kanyumba ka pa ngolo limachotsedwa kuti tione mkati, chida chilichonse chimajambulidwa mbali imene chimadziwika bwino, ndipo gulu limene mwina linali la anthu mazana limaimiridwa ndi anthu owerengeka. Wofuna kuyeza kutalika kwa ngolo poyerekeza ndi munthu woima pambali pake adzasokera, koma wofuna kudziwa kuti mmisiri ankagwira bwanji chida chake adzapeza zambiri.

Ndani atsogole?

Mabuku azithunziwa amaonetsa magulu akudutsa mwabata, koma umboni wina umatiuza kuti malo a gulu pa mdipiti inali nkhani yotentha. Mu 1638, Sultani Murad IV asananyamuke kukamenya nkhondo yolanda Baghdad, analamula kuti mabungwe onse a mumzinda adutse pamaso pake, ndipo iye ankaonerera ali m'kanyumba kotchedwa Alay Köşkü, pa mpanda wa Topkapı. Wolemba za maulendo wotchuka Evliya Çelebi anafotokoza mdipitiwo mwatsatanetsatane m'gawo loyamba la buku lake la Seyahatname. Iye amati mabungwewo anapitirira 1,000, ngakhale akatswiri amachenjeza kuti ankakonda kukokomeza manambala.

Evliya akusimba kuti oyendetsa zombo za pa nyanja ya Mediterranean atamva kuti ogulitsa nyama aikidwa patsogolo pawo, anakadandaula kwa sultani, ponena kuti iwo ndi ana a ntchito ya Nowa, ndiwo amadzetsa chakudya mumzinda, ndipo sangayende pambuyo pa anthu okhetsa magazi. Sultani anawavomera. Kenako amalonda obweretsa mpunga, shuga ndi khofi kuchokera ku Egypt anautsa mkangano womwewo, ndipo ogulitsa nyama anakankhidwiranso m'mbuyo. Kumapeto kwenikweni kwa mdipiti kunali eni nyumba zogulitsira mowa. Nkhaniyi, kaya Evliya anaithira mchere wochuluka bwanji, ikutithandiza kuona chimene amisiri ankalimbirana. Malo pa mdipiti ankalengeza pamaso pa mzinda wonse kuti ntchito iyi ndi yolemekezeka kuposa iyo, ndipo ngolo yokongola inali mbali ya mkangano womwewo, wochitika ndi matabwa ndi nsalu m'malo mwa mawu.

Zimene zinasintha mu 1720

Patapita zaka 138, phwando la Ahmed III linachitikira malo ena. M'malo mwa bwalo la pakati pa mzinda, mahema anakhomedwa pa Okmeydanı, dambo loponyerapo mivi, ndipo zoonetsa zina zinkachitikira pa madzi a Golden Horn, mbali ya nyanja yolowerera mkati mwa mzinda wa Istanbul, sultani akuonerera ali m'nyumba ya m'mphepete mwa madziwo. Wokonza zonse anali nduna yaikulu, Nevşehirli Damat İbrahim Paşa, mkamwini wa sultani, amene si İbrahim Paşa wa nyumba ija ya ku At Meydanı. Ufumuwo unali utangotaya madera ena m'pangano lothetsa nkhondo la Passarowitz la 1718, ndipo pamodzi ndi ana anayi a mfumu anadulidwanso anyamata zikwi zingapo a mabanja wamba, pa ndalama za nyumba yachifumu.

Levni, amene dzina lakeli limatanthauza wamitundumitundu, anasiya njira ya bwalo losasuntha. M'zithunzi zake mdipiti umayenda mokhotakhota, umadutsa tsamba n'kupitirira pa lina, kuchokera kumanja kupita kumanzere monga mmene zilembo za Chiarabu zimawerengedwera, kotero kuti wotsegula bukulo amakhala ngati akuyenda nawo. Anthu ake ndi akuluakulu, nkhope zawo zimasiyana, ena akucheuka, ena akunong'onezana, ndipo akazembe a ku Ulaya akhala pa mipando atavala zipewa zawo. Ngolo zambiri zasanduka tinyumba tokongola ta madenga, ndipo mkati mwake kawirikawiri mumakhala mnyamata wophunzira ntchito, wovala bwino, akuonetsa luso la bungwelo, pamene akuluakulu akuyenda pansi atanyamula mphatso zasiliva.

Dongosolo la magulu oyamba likuoneka kuti linaganiziridwa bwino. Patsogolo pali alimi ndi ng'ombe zokoka khasu, wina akufesa mbewu, ndipo pali mnyamata wokwera ngamila akuwerenga Qur'an. Pambuyo pawo pakubwera opera tirigu ndi mphero yawo pa ngolo, kenako ophika buledi ndi uvuni wawo. Woonerera ankaona ulendo wonse wa chakudya, kuchokera m'munda mpaka pakamwa, ukudutsa pamaso pake m'mphindi zochepa, ndipo mumzinda umene kusowa kwa buledi kunkatha kugwedeza mpando wachifumu, uthenga umenewo sunkafuna womasulira.

Kodi zithunzizi tingazikhulupirire mpaka pati?

Pa funso loti ngolozi zinalikodi, yankho ndi lakuti inde. Phwando la 1582 linafotokozedwanso ndi olemba ena, monga Mustafa Âli, komanso alendo a ku Ulaya amene analipo ndipo analembera kwawo zimene anaona, ndipo pa phwando la 1720 pali mabuku a boma olembamo chakudya, ziwiya ndi mphatso. Maumboni amenewa amagwirizana ndi zithunzi pa mfundo yaikulu, yakuti amisiri ankadutsa akugwira ntchito zawo. Funso lovuta ndi lakuti zinkatanthauza chiyani, ndipo apa akatswiri a mbiri amasiyana maganizo.

Ena amatsindika mbali ya nyumba yachifumu. Iwo amakumbutsa kuti mabungwe ankachita kulamulidwa kubwera, kuti ndalama zomangira ngolo ndi zogulira mphatso zinkachokera m'matumba a amisiri, ndipo kuti mabukuwa sanalembedwere anthu wamba: linali buku la m'nyumba yachifumu, loonedwa ndi sultani ndi anthu ochepa omuzungulira. Mmodzi mwa amene anathandiza kuti buku la 1582 lipangidwe anali Mehmed Ağa, mdindo wamkulu wa nyumba ya akazi a mfumu, wochokera ku Ethiopia, ndipo anthu otere anali ndi chifukwa choonetsera ufumu uli pa mtendere ndi pa ulemerero. Komatu mu 1582 ufumuwo unali pakati pa nkhondo yaitali ndi Persia, imene inayamba mu 1578 n'kutha mu 1590. Chakumapeto kwa phwandolo asilikali oyenda pansi otchedwa Janissary anamenyana ndi asilikali a pa akavalo mpaka anthu kufa. Ndipo m'zaka zimene ojambula ankapaka golide pa masambawa, boma linachepetsa siliva m'ndalama yake ya akçe, mitengo ya zinthu inakwera, mpaka asilikali anaukira mu 1589 pokana kulipidwa ndi ndalama yopanda mphamvu. Woyang'ana masamba a ngolo za buledi sangaganize kuti kunja kunali zotere.

Ena amatsindika mbali ya amisiri eni ake. Iwo amati ngakhale bwalo linali la sultani, zimene zinkaikidwa pa ngolo zinkasankhidwa ndi bungwe, ndipo mwa njira imeneyi anthu amene masiku onse sakanayandikira mfumu ankapeza mpata wodzionetsa, wopikisana ndi anzawo, wochita nthabwala, ngakhalenso wopereka madandaulo. Amakumbutsanso kuti amisiriwa sanali anthu ongowombera m'manja. Mu 1730, patangopita zaka 10 chichitikire phwando limene Levni anajambula, kuukira kotsogozedwa ndi Patrona Halil, amene anali msilikali wakale ndi wogulitsa zovala zakale, kunakopa anthu ambiri a m'misika, ndipo kunathera pa kuphedwa kwa Damat İbrahim Paşa ndi kuchotsedwa pampando kwa Ahmed III. Mzinda umene unakoka ngolo pamaso pa sultani ndi womwewo umene unamutsitsa.

Mbali zonse ziwirizi zili ndi umboni wake, ndipo zithunzi zimalola kuwerengedwa mwa njira zonse ziwiri. Palinso anthu amene mbali zonsezi zimavomereza kuti akusowa. Akazi amaoneka mwa apo ndi apo monga oonerera, chikhalirecho ulusi wambiri umene owomba nsalu ankagwiritsa ntchito unkapotedwa ndi akazi m'nyumba zawo, kunja kwa mabungwe. Pa ngolo pamaoneka ntchito imene inali ndi dzina ndi mtsogoleri, osati ntchito yonse imene inkadyetsa mzindawo.

Phindu lake kwa ofufuza a lero

Amisiri a nthawi imeneyo sankalemba mabuku ofotokoza kagwiridwe ka ntchito zawo, chifukwa luso linkachoka m'manja mwa usta kupita m'manja mwa çırak, ndipo malo awo ogwirira ntchito, ambiri a matabwa, anapsa m'moto umene unkasakaza Istanbul kawirikawiri. Pa ntchito zambiri, tsono, chithunzi cha pa ngolo ndicho chimatsala poyera kutionetsa maonekedwe a ng'anjo, kakhalidwe ka mmisiri pogwira ntchito, zovala zake ndi zida zake. Ofufuza mbiri ya galasi, ya nsalu, ya zakudya ndi ya nyimbo amabwerera ku masamba amenewa pa chifukwa chimenechi, akumayerekeza zimene akuona ndi ziwiya zenizeni zosungidwa m'nyumba za zinthu zakale ndi zolembedwa m'mabuku a makhoti.

Chitsanzo chimodzi chimaonetsa mmene ojambula a Nakkaş Osman ankasamalira zimene anaona. M'zithunzi za 1582, chipilala chamkuwa chija chili ndi mitu ya njoka pamwamba pake. Mituyo inathyoka mu 1700, ndipo chidutswa cha mutu umodzi chimasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale zofukulidwa ya ku Istanbul. Bwalo la At Meydanı lero limatchedwa Sultanahmet, dzina lochokera ku mzikiti waukulu umene unayamba kumangidwa m'mbali mwake mu 1609, ndipo n'chifukwa chake suoneka m'bukulo. Mwala wa ku Egypt udakali chiimire, thunthu la njoka lopanda mitu lili pomwepo, ndipo nyumba ya İbrahim Paşa, imene Murad III anakhala pakhonde lake masiku onse aja akuonerera ng'anjo ndi mauvuni zikudutsa pansi pake, tsopano ndi nyumba yosungiramo zaluso za anthu a ku Turkey ndi za Chisilamu.